Gula Njinga Yoti Uzitha Kutsikapo

Phalula, Lachinayi masana

Yankho mwana wanga,

Wapita kukalukitsa tsitsi, bambo ako ali kusukulu, ndipo m'nyumba muno mwangoti zii. Chikwama chako chili apa pakhomo la kuchipinda, chotsekatseka kale, ngati chili ndi changu kuposa mwini wake. Ndati ndikhale pansi ndikulembere, chifukwa dzulo pamene atsibweni ako a Laisoni ankanena za njinga yamoto imene mukagule mawa ku Liwonde, ine ndinangokhala chete. Unandiyang'ana kawiri konse, kudikira kuti ndiponyepo mawu. Sindinaponyepo. Pamaso pa achimwene anga ine ndimabwerera kuubwana, ndipo zimene ndikufuna kukuuzazi si zonena munthu wina akuseka pambali.

Kuti wapeza ntchito ya ulangizi wa zaulimi, yomweyi imene ine ndinagwira mpaka mawondo atayamba kudandaula, ndi chinthu chimene ndimayamika Mulungu m'mawa uliwonse. Akutumiza kuseri kwa Ntaja, kumene midzi ndi yotalikirana, ndipo wapansi sungaikwanitse. Njinga ikufunikadi. Ndalama ndi zako, unasunga wekha, ndipo amene azikaikwera ndiwe. Sindikukuletsa kanthu. Ndikungofuna kuti ukamakalowa m'sitolo muja, ukalowe ukudziwa zimene ine ndinazidziwa mochedwa.

Atsibweni ako anati, "Mlangizi azimveka akadali kutali. Tikagule yaitali ija ya matayala a ziphuphu, osati tinjinga topitira kuchigayo iti." Iwe unaseka n'kuyankha kuti, "Eya atsibweni, ine ndatopa nazo zomangofunsidwa kuti ndili folomu chani." Onse anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa mawu amenewo ndi anga. Ndinawanenapo ndili wausinkhu wako, ndili ndi msinkhu wakowu, poti kufupikaku unatengera ine, usakanamizire bambo ako. Ndikudziwa kuwawa kwake kofika pamsonkhano umene waitanitsa wekha, anthu n'kumayang'anabe kunjira kudikira alangizi.

Ndiyambe ndi tsiku limene ndinanama. Ndinali nditangoyamba ntchito ku Balaka, nthawi imene akazi tinali titangoyamba kumene kuvala mabuluku poyera, anthu n'kumatembenukabe kutiyang'ana. Kuofesi kunabwera njinga zamoto zinayi zatsopano, zoyera, zazitali ngati ana a ng'ombe. Pakona panali ina yachisanu, yakale, yofiira, yaing'ono, imene aliyense ankaidutsa osaiyang'ana. Alangizi tinalipo asanu, mkazi ine ndekha. Mnzathu wina anati, "Basi zatheka zokha, kofiirako n'ka achemwali." Sananene moipa, koma ine makutu anatentha. Ndinapita molunjika n'kukagwira yoyera imodzi. Ndinaikankhira pafupi ndi khonde, ndinakwera, phazi lamanzere ndinaliika pasitepe. Abwana athu, malemu tsopano, anali munthu wachifundo. Anandifunsa motsitsa mawu kuti ena asamve, "Anangondo, mapazi akufika pansi?" Ine ndinati, "Akufika, bwana." Phazi limodzi linali pasitepe, linalo likulendewera m'mwamba ngati la mwana amene wakhala pabenchi ya kutchalitchi. Yankho, mawa wogulitsa akakufunsa funso lomwelo. Ukayankhe utayang'ana pansi, osati utayang'ana atsibweni ako. Ndipo ukaonetsetse kuti njingayo yaima pabwalo losalazika, patali ndi sitepe, patali ndi njerwa.

Kuyendetsa ndinaphunzira msanga. Njinga ikamayenda sifunsa kuti wakwerapo ndi wamtali bwanji. Vuto linali kuima. Kuti ndiime, pankafunika chinthu chopondapo, choncho ndinaloweza ziulu zonse, zitsa zonse, miyala ndi timilatho tonse kuchokera ku Balaka mpaka ku Rivirivi, ndi kutsikira ku Nkaya. Mpaka lero tikamadutsa pa minibasi ndimazizindikira zina, monga mmene munthu amazindikirira anzake a kupulayimale. Pamene panalibe chopondapo, sindinkaima. Mlimi ankatha kuthamanga kuchokera m'munda, tsamba la chimanga lodyedwa ndi mbozi lili m'manja, akukupiza kuti ndione. Ine ndinkangochepetsa liwiro n'kukuwa kuti, "Ndibweranso!" Agogo ena ankaima pambali pa njira, manja atawakonza kale kuti tipatsane moni, ine ndi yomweyo, "Ndibweranso!" Patapita miyezi ingapo ndinamva ana akukuwa kumbuyo kwanga kuti, "Andibweranso akudutsa!" Ndinaseka, koma kuseka kwa pakamwa pokha. Mwana wanga, ntchito yathuyi theka lake ndi kuima. Kuima pamene sunakonzekere, pamchenga, pachitunda, pakati pa mbuzi, chifukwa munthu wakukodola. Gula njinga yoti uzitha kuima nayo paliponse pamene waitanidwa.

Chipsera chija cha pamwendo wanga wamanja, chimene unkakonda kuchisisita ndi kachala uli wamng'ono n'kumati chikufanana ndi tsamba la mbatata, ndinakuuza kuti ndinapsa ndi njinga. Sindinakuuze kuti zinayenda bwanji. Munali mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, ndikuwoloka pa Rivirivi madzi ataphwa. Tayala lakutsogolo linalowa mumchenga, ine chifukwa cha mantha ndinafinya buleki yakumanja ndi mphamvu zonse. Usadzatero pamchenga. Njinga inapendekeka pang'onopang'ono, mwendo wanga n'kumafunafuna nthaka osaipeza, mpaka tonse awiri tinagona, iyo pamwamba ine pansi. Ekizozi, paipi yotentha ya utsi ija, inali itatsamira pa katumba. Ndinakankha, ndinakoka, ndinapemphera, osasuntha. Njinga ija inkalemera kuposa ine kawiri ndi kupitirira. Ndipamene panatulukira mwamuna wina wamtali, woonda, akukankha njinga yakapalasa, mtolo wa makope uli pakaliyala. Anaima n'kuvula chipewa mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Pepani achemwali, ndifunse nawo. Mwaikwera ndinu, kapena yakukwerani ndi iyoyo?" Ine misozi ili m'maso ndinati, "Mukamaliza kufunsako muichotse." Anaichotsa, anang'amba mpango wake n'kundimanga, ndipo anandikankhira njingayo mpaka kutsidya. Amenewo ndi bambo ako. Iwo amati zikanakhala kuti ndinatenga kofiira kaja, bwenzi iwe kulibe, ndipo pamenepa ndimawasiya apambane. Koma usadalire zimenezo. Kuseri kwa Ntaja ukhoza kugona pansi pa njinga mpaka dzuwa kupendeka, osadutsa mphunzitsi ngakhale mmodzi.

Choncho kulemera ukakuyese ndi thupi lako, usakangofunsa. Ukawauze aichotse pasitandi akupatse. Ukaikankhe kupita kutsogolo, ukaibweze chambuyo, ukaitembenuze pabwalopo ngati wasochera njira ndipo ukubwerera. Ukaipendeketse pang'ono kumbali yako, uone ngati ungaibwezere wekha. Ukamva kuti ikukukoka m'malo moti iwe uziikoka, imeneyo si yako, ngakhale ikhale yokongola bwanji. Ndipo tsiku limene idzagwe, pakuti idzagwa ndithu, usadzawerame n'kumaikoka ndi manja. Udzazimitse, udzaifulatire, msana utsamire pachishalo, unjute, dzanja lina pahandulo lina pakaliyala, ndiye udzakankhe ndi miyendo. Miyendo yathuyi ndi yaifupi koma ndi yamphamvu. Inakwera phiri ndi mitolo ya nkhuni isanadziwe njinga.

Ndinachitanso china chopusa chimene ndikakumbuka ndimaseka ndekha. Poona kuti mapazi sakufika, ndinakagula nsapato zazitali zidendene pamsika wa Balaka, za kaunjika, zonga za kuukwati. Ndinati zindiwonjezere msinkhu. Tsiku loyamba lomwelo, pa siteshoni ya Nkaya, njinga inandizimira pamaso pa amayi ogulitsa nzimbe ndi mandasi, sitima itangoima kumene. Njinga ija inalibe batani loliza, inkafuna kiki basi. Munthu wolemera amangoponda kamodzi. Ine ndinkachita kukwera pakiki ndi thupi lonse n'kudumphira pansi, kukweranso, kudumphanso. Ulendo wachinayi chidendene chinathyoka, nsapato inaulukira pansi pa tebulo la mandasi. Mayi wina anaitola n'kundibweretsera ndi manja awiri, nkhope ili phee, n'kuti, "Alangizi, mbewu yanu yagwa." Siteshoni yonse inafa nacho chiseko, mpaka a m'mawindo a sitima. Iwe mawa ukavale nsapato zomwezo uzikagwira nazo ntchito, zotseka, zogwira kakolo, ndipo ukayese njingayo uli nazo kuphazi. Ukasankhe yokhala ndi batani loliza, koma kiki ikhaleponso, chifukwa batire limatha tsiku limene sukufuna. Kikiyo ukaiponde wekha m'sitolo momwemo, usakalole kuti akupondere.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono timene amuna sakatiganiza, chifukwa manja awo ndi aakulu. Ukakhala pachishalo, ukagwire mahandulo n'kuwakhotetsa mpaka kumapeto, uku ndi uku. Ngati pokhotetsapo ukuchita kunyamuka pachishalo kapena kugonera pathanki, ndiye kuti ali kutali. Zala zako zikafike pa kilatchi ndi pa buleki chikhatho chisanachoke pahandulo. Ukafinye kilatchi kakhumi motsatizana. Yanga ija inali yolimba kwambiri moti madzulo ndinkalephera kufinya chinkhupule posamba. Chishalo ukachione m'lifupi mwakenso, chifukwa chotakata chimatangadza miyendo n'kukubera msinkhu umene uli nawo kale wochepa. Chisoti chikhale cha mutu wako. Changa chinali cha mwamuna, ndikatembenuka kuyang'ana kumbuyo, mutu unkatembenuka chisoti n'kutsala chikuyang'ana kutsogolo. Ukachimange lamba, ukapukuse mutu, chisagwedere. Ndipo popeza ukulukitsa tsitsi lero, ukumbukire kuti malukidwe ena amakweza chisoti. Ukayese ndi mutu umene uzikhala nawo masiku onse.

Tsopano ndikuuze nkhani imene sindinakuuzepo, imene m'banja muno amaidziwa ndi bambo ako okha. Zonse ndalemba pamwambazi ndimatha kuzinena ndikuseka. Iyi iyayi.

Kuseri kwa Nkaya kunali mudzi wina kumene ndinali ndi kalabu ya amayi olima nandolo ndi chimanga. Ambiri anali Asilamu. Pakati pawo ankayankhula Chiyao, akatembenukira kwa ine Chichewa. Wapampando wawo anali Abiti Jafali, mayi wamkulu kwa ine, wosachulutsa mawu, amene Lachitatu lililonse ankandisungira mpando ndi madzi akumwa m'kapu yovundikira. Pabwalo pamene tinkakumana panali chitsa cha mango, choncho kumeneko ndinkaima bwinobwino, n'kutsika, n'kupereka moni kwa aliyense. M'mudzi umenewo mokha ndi mmene sankanditchula dzina lija. Ankandidziwa ngati mwana waulemu.

Tsiku lina Lolemba ndinkadutsa m'mudzimo kupita kwina. Nditangokhota, ndinaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu. Iwe ukudziwa chimene amatanthauza. Wa njinga yakapalasa amatsika, wa chipewa amavula, wa njinga yamoto amazimitsa n'kukankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Ngakhale mwana wa zaka zisanu amadziwa. Anthu anali atakhala mbali zonse ziwiri za njira, abambo uku, amayi uko, ali chete. Njira inali mchenga wokhawokha. Maso anga anathamanga kufuna chulu, panalibe. Mwala panalibe. Chitsa chija chinali kutali, kuseri kwa nyumba. Ndinadziona m'maganizo ndikugwa pakati pa anthu onsewo, miyendo m'mwamba, njinga ikulira pamwamba panga, ana akulephera kudziletsa kuseka pamaliro. Nthawi yoganiza inali yochepa, yosakwana n'kunena Atate Athu. Mwana wanga, ndinawonjezera moto. Ndinadutsa pakati pawo injini ikubangula, fumbi likugwera amayi amene anakhala pansi. Bambo wina wachikulire anaimirira n'kukweza dzanja, osakuwa, kungokweza dzanja basi. Ine ndinayang'ana kutsogolo ngati sindinaone.

Madzulo ake ndinamva kuti amene anamwalirawo anali amuna awo a Abiti Jafali.

Lachitatu ndinapita. Pabwalo panali mbuzi zokha. Ndinaima pachitsa changa, ndinadikira, ndinabwerera. Lachitatu linalo chimodzimodzi. Palibe amene anandikalipira, palibe amene anakandinenera kuofesi. Ndikapereka moni ankayankha, koma maso ali kumbali. Mvula inali pafupi, mbewu ya nandolo imene tinagwirizana kuti tiyese pamodzi inali m'matumba kuofesi, ndipo munda wachitsanzo umene tinalima tonse unayamba kumera udzu. Koma kunena zoona, si nandolo amene ankandisowetsa mtendere. Linali dzanja lija la bambo aja.

Sabata yachitatu njinga ndinaisiya ku Balaka. Ndinakwera sitima mpaka pa Nkaya, kuchokera apo wapansi, kapaketi ka shuga kali m'manja. Abiti Jafali anali akadali m'masiku awo okhala m'nyumba, monga amachitira amayi achisilamu amuna awo akamwalira. Ndinaodira pakhomo, anandilola kulowa. Ndinakhala pamphasa, ndinapepesa maliro monga mwa mwambo. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Lero mwabwera wapansi, alangizi. Ndege yanu ija yadwala?"

Ndinati, "Amayi, ndabwera kudzanena chinthu chochititsa manyazi."

Anati, "Nenani, muno muli ife tokha."

Ndinawauza zonse. Za sitepe ya kuofesi, za ziulu, za chitsa cha pabwalo pawo. Ndinati, "Njinga ija mapazi anga safika pansi. Ndikanaima, ndikanagwa."

Anayang'ana miyendo yanga imene ndinaitambasula pamphasapo, n'kufunsa, "Basi? Nkhani yake ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi, amayi."

Anapumira m'mwamba n'kuti, "Ife kuno timati mwina poti ndife Asilamu, maliro athu kwa inu si maliro."

Yankho, mawu amenewo anandipweteka kuposa ekizozi ija. Ndinati, "Iyayi amayi, iyayi," ndipo ndinangolira. Ndinali nditabisa miyendo yanga yaifupi, anthu n'kuona chinthu china choipa kwambiri chimene mumtima mwanga munalibe.

Iwo anandigwira pabondo n'kunena kuti, "Mukanangogwa, mwanangu. Anthu tinalipo ambiri tsiku lija. Tikanakudzutsani, tikanakusasani fumbi, mukanakhala nafe pansi. Pamaliro anthu amagwa, si zachilendo." Atatero anatambasula mwendo wawo pafupi ndi wanga kuyerekeza, wawo n'kupitirira ndi chikhatho chathunthu. Anaitana mng'ono wawo kuchokera kuseri, anamuuza m'Chiyao, ndipo ndinawamva akuseka, koyamba chimwalirireni amuna awo, malinga ndi mmene mng'ono wawoyo anandiuzira pondiperekeza.

M'mawa mwake ndinapita kwa abwana n'kunena kuti, "Bwana, tsiku lija ndinanama. Mapazi safika." Iwo anati, "Ndinaona, Anangondo. Ndimadikira kuti munene nokha." Mnzathu amene anatsalira kofiira kaja anasangalala ngati wapatsidwa ng'ombe. Tinasinthana tsiku lomwelo. Makanika wina wa pa Balaka anasenda siponji ya chishalo pang'ono n'kusokanso chikopa chake, ndipo nditakhalapo mapazi onse awiri anagunda nthaka. Sindingathe kukufotokozera mmene ndinamvera. Anzanga anandiseka sabata imodzi, yachiwiri anaiwala. Lachitatu lotsatira amayi anabwera asanu ndi mmodzi, linalo anabwera onse. Nandolo tinadzala mochedwa koma anacha.

Kanjinga kofiira kaja ndinayenda nako zaka zambiri, mpaka ndili ndi pakati pa iwe. Sikankathamanga. Pachitunda kankalira ngati kakupempha chikhululukiro. Koma ndinkaima nako paliponse. Ndinkaima kuona tsamba la chimanga, kufunsa za mwana wodwala, kulandira nkhaka, kumva madandaulo okhudza anyani oononga m'minda. Mumchenga ndinkatsitsa mapazi onse awiri n'kumapalasa ngati bakha mpaka nditatuluka. Dzina lija la Andibweranso linafa lokha. Ulemu umene ndinkaufuna pa njinga yaitali ndinaupeza pamene ndinayamba kutsika. Anthu a kumudzi sasamala kuti wafika pa chiyani. Amasamala kuti utafika unatsika, unawapatsa moni, unakhala pamene anakuyalira. Akufunsadi kuti uli folomu chani, mwezi woyamba. Ukadzawathandiza kupulumutsa munda umodzi, funsolo lidzatha.

Za atsibweni ako, usakakangane nawo. Amakukonda, ndipo ndi iwo amene anakuphunzitsa kusintha magiya pabwalo la mpira paja, akuthamanga pambali pako ndi mimba yawo ija. Injini amaidziwa kuposa ine. Uwasiye amvetsere kulira kwake, aone tcheni, matayala, mapepala, afunse ngati zipangizo zake zimapezeka pa Ntaja, chifukwa njinga yosowa zipangizo ndi chokongoletsera pakhonde. Pa zonsezo uwamvere. Akanenanso za mchenga ndi matope a ku Machinga, akunena zoona, koma matayala a ziphuphu amalowa ndi pa njinga yaifupi yomwe, ukafunse. Chinthu chimodzi chokha ndi chako wekha, ndicho kutalika ndi kulemera. Pamenepo ukanene mofatsa kuti, "Atsibweni, miyendo yake ndi yangayi." Pobwerera adzanyinyirika mpaka pa Liwonde pamlatho, kenaka adzayamba kuuza anthu kuti anasankha ndi iwo.

Wogulitsa naye ali ndi mawu ake amodzi amene amauza aliyense: "Muzolowera, asisi." Usakawalandire. Inenso ndinazolowera. Ndinazolowera kusaima, ndinazolowera kukuwa ndikudutsa, ndinazolowera mpaka ndinadutsa pamaliro. Si njinga yomaliza imene ukugula, ndi yoyamba. Zikadzapita zaka, manja atakhwima, ukadzafuna yokulirapo udzagula, ndipo udzadziwa wekha kutsetsereka pachishalo n'kuponda ndi phazi limodzi monga amachitira ena aafupi odziwa. Koma yoyambayi ikhale yokukhululukira ukalakwitsa. Injini yaing'ono ikukwanira, iwe ndi chikwama cha mapepala si katundu. Masabata oyamba usanyamule munthu, ngakhale akuchonderere bwanji, ngakhale akhale amayi a nyumba imene uzikhala. Uziti mayi anga anandiletsa, undinamizire ine, ndilibe nazo vuto. Mapepala oyendetsera ukonze usanayambe kulowa mumsewu waukulu, ndipo malole akamabwera kumbuyo uziwapatukira, usamapikisane nawo.

M'mawa uja ndinakuimika pakhoma n'kunena kuti ndikufuna kupinda buluku lako latsopano, unadandaula kuti ndikukuchedwetsa. Buluku ndapindadi, lili pamwamba m'chikwama. Koma chimene ndinkayeza ndi mwendo wako, kuchokera pamene umayambira mpaka pansi, utavala nsapato zako zantchito. Mu envulopu muno upezamo kansalu kakatali kong'ambidwa ku chitenje changa chobiriwira chija, chimene ndinkakuberekera. Ndamanga mfundo imodzi. Ukafika m'sitolo, njinga ili chilili, nsonga ya kansaluko ukaiponde pansi, n'kukakweza pambali pa chishalo. Chishalo chikapitirira mfundoyo ndi zala zoposa ziwiri kapena zitatu, usavutike n'kukwerapo, pita pa ina. Chikakhala pamfundo kapena pansi pake, kwera, ukhale bwinobwino pakati, utsitse mapazi onse awiri. Kansaluko n'kongokuthandiza kuyamba, oweruza ndi mapazi ako. Ngati zidendene sizikufika koma kutsogolo kwa mapazi onse awiri kwaponda molimba, ndipo ukutha kuigwedeza uku ndi uku osachita mantha, imeneyo mukhoza kumvana. Ngati ukungogunda ndi nsonga za zala ngati wovina, tsika.

Ukachita manyazi kutulutsa kansanza pamaso pa anyamata a m'sitolo, ndikumvetsa. Adzaseka mwina. Asiye aseke, kuseka kwa m'sitolo kumatha ukangotuluka pakhomo.

Ndikumva mawu ako kumsewu, ukutsanzikana ndi anzako, ndiye ndilekere pano ndisanagwidwe. Kalatayi ndiika m'thumba la jekete lako, uiwerenge m'minibasi musanafike pa Balaka. Kumene ukupitako tsiku lina udzakhota pangodya n'kupeza masamba aawisi pamsewu, anthu atakhala chete uku ndi uku, pansi pali mchenga wokhawokha. Udzazimitse, mwana wanga. Udzatsitse mapazi ako onse awiri, utsike, uvule chisoti, ukankhe pang'onopang'ono mpaka masamba achiwiri. Ndipo zikadzavuta, njinga n'kukupendekera, udzangogwa. Anthu adzakhalapo ambiri, adzakudzutsa.

Pa Khirisimasi ukamadzafika, bambo ako adzathamangira kuona mtundu wa njinga ndi kufunsa liwiro lake. Ine ndidzaima pakhonde, maso anga ali pamapazi ako.

Ndine mayi ako amene unatengera miyendo,
Nangondo